MANO A SPROCKET: KUKOKA KAPENA KUTHAMANGA?

Anthu awiri angathe kugula njinga za moto zofanana, m'sitoro imodzi ndi tsiku limodzi, koma pakupita miyezi yowerengeka yense nkukhala ndi dandaulo losiyana ndi la mnzace. Woyamba ndi mlimi wa ku mapiri, amene anyamula matumba a nshawa ndi feteleza pa tinjira ta mcenga ndi miyala. Iye adandaula kuti njinga yace ilibe mphamvu. Pa citunda ifuna kuzima, ndipo poyamba ulendo ndi katundu ayenera kugwiriza kilachi nthawi yaitali mpaka pamveka fungo la kupsa. Waciwiri ndi mtumiki amene ayenda yekha pa mseu wa tala, tsiku ndi tsiku, pakati pa Chipata ndi Katete. Iye adandaula kuti injini ilira kopambana, njinga injenjemera mpaka manja acita dzanzi, ndipo petulo atha msanga.

Onse awiri akapita kwa makaniko, kawiri kawiri alandira uphungu umodzi, wakuti asinthe sprocket. Uphunguwo ndi woona, komatu mlimi afunika kusintha kwa mtundu wina, ndipo mtumiki afunika kusintha kosemphana nako. Wina akatenga mankhwala a mnzace, matenda ace akula. Cifukwa cace nkwabwino kuti mwini njinga adziwe yekha cimene mano a sprocket acita, asanaturutse ndalama zace.

ULENDO WA MPHAMVU

Injini ya njinga ya moto ndi yaing'ono, ndipo mphamvu yace ili m'kuzungulira msanga. Pa mphindi imodzi izungulira nthawi zikwi zingapo. Koma gudumu la kumbuyo silifuna liwiro lotere. Gudumu la njinga zambiri likazungulira kamodzi lipita mtunda wa pafupi mamita 2, kotero kuti pa liwiro la makilomita 60 pa ola lizungulira nthawi ngati 500 zokha pa mphindi. Tsono pafunika njira yocepetsa kuzungulirako ndi kukusandutsa mphamvu yokoka.

Nchito imeneyi icitika pa malo atatu. Malo oyamba ali m'kati, pakati pa injini ndi kilachi, ndipo wokwera sawaona. Malo aciwiri ndi bokosi la magiya, limene wokwera alilamula ndi phazi. Malo acitatu ali kunja, poonekera. Pali kagudumu ka mano koturuka m'bokosi la magiya, ndiponso gudumu lalikulupo la mano lomangidwa ku gudumu la kumbuyo, ndipo cheni cilumikiza awiriwa. Magudumu a manowa ndiwo ochedwa ma sprocket; yaing'ono ndiyo ya kutsogolo, yaikulu ndiyo ya kumbuyo.

Cofunika kucigwira bwino ndi ici: mphamvu yonse, pa giya iri yonse, ipitira pa ma sprocket awiriwa. Munthu akasintha ciwerengero ca mano ao, wasintha giya yoyamba, yaciwiri, kufikira yomariza, zonse pamodzi, ndipo sangazibweze ali pa ulendo. Kubweza kwace nkwa sipanala.

Mai amene wasenza mtsuko wa madzi akafika pa citunda safunsa munthu cocita. Afupikitsa mapazi, naponda pafupi pafupi, ndipo afika pamwamba madzi osatayika. Akatula mtsuko nayenda pa cidikha, atalikitsa mapazi, nafika msanga osatopa. Miyendo yace ndi yomweyo, mphamvu yace ndi yomweyo. Casintha ndi kutalika kwa phazi. Ma sprocket ndiwo aikira injini kutalika kwa phazi lace. Phazi lalifupi ndilo giya yokoka, phazi lalitali ndilo giya yothamanga.

KUMENE NZERU IYI INACOKERA

Njinga zopalasa zambiri za m'zaka za m'ma 1870 zinalibe cheni. Zopondera zinali pa gudumu la kutsogolo penipeni, ndipo wofuna liwiro analibe njira ina koma kukulitsa gudumulo, mpaka lina linafika m'cifuwa ca munthu. Wokwera anali kukhala pamwamba kwambiri, ndipo akagwa anali kugwa camutu. M'caka ca 1880 Hans Renold, munthu wa ku Switzerland amene anali ndi nyumba ya nchito ku Manchester, anakonza cheni ca timagudumu, ca mtundu umene ugwira nchito kufikira lero. M'caka ca 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anaturutsa njinga yochedwa Rover, ya magudumu aang'ono ndi cheni copita kumbuyo. Pamenepo anthu anaona kuti liwiro lingapezeke mwa kusiyanitsa mano a magudumu awiri, osati mwa kukulitsa gudumu loponda pansi.

Njinga za moto zoyamba zambiri zinali kuyenda ndi lamba wa cikopa, amene anali kuterereka mvula ikagwa, ndipo pang'ono pang'ono cheni cinalowa m'malo mwace. Ziripo njinga zina zosayenda ndi cheni. Kuyambira m'caka ca 1923, BMW ya ku Germany yakhala ikupanga njinga zimene mphamvu ifika kumbuyo pa mtanda wa citsulo wozungulira. Nkhani ino sikhudza zoterozo. Ikhudza njinga za cheni, ndizo zoculuka m'midzi ndi m'matauni.

MASAMU ACE NDI APAFUPI

Mwini njinga awerenge mano a sprocket ya kumbuyo ndi kuwagawa ndi mano a ya kutsogolo. Nthawi zambiri nambala ya mano idindidwa pa citsulo comweco, koma ngati yafufutika, kuwerenga ndi cala sikutenga nthawi. Mwa citsanzo, njinga ina ili ndi mano 14 kutsogolo ndi 42 kumbuyo. Kugawa 42 ndi 14 kupatsa 3. Ndiko kuti sprocket yaing'ono izungulira katatu kuti gudumu la kumbuyo lizungulire kamodzi.

Yankho la kugawaku likakula, njinga ikoka kwambiri koma ithamanga pang'ono. Likacepa, njinga ithamanga kwambiri koma ikoka pang'ono. Motero giya yokoka ipezeka mwa kucepetsa mano kutsogolo kapena kuonjeza mano kumbuyo. Giya yothamanga ipezeka mwa kuonjeza mano kutsogolo kapena kucepetsa mano kumbuyo. Apa ndi pamene ambiri asokonezeka, pakuti kukula kwa sprocket ya kutsogolo ndi kukula kwa ya kumbuyo kucita zinthu zosemphana.

Ngati njinga ya mano 14 ndi 42 ija iyenda makilomita 90 pa ola injini ikuzungulira mwa muyeso wina, nazi zimene zicitika mano akasinthidwa, injini ikuzungulirabe mwa muyeso womwewo:

Mano 13 ndi 42: yankho 3.23, liwiro makilomita 84 pa ola.

Mano 14 ndi 45: yankho 3.21, liwiro makilomita 84 pa ola.

Mano 14 ndi 42: yankho 3.00, liwiro makilomita 90 pa ola.

Mano 15 ndi 42: yankho 2.80, liwiro makilomita 96 pa ola.

Mano 14 ndi 39: yankho 2.79, liwiro makilomita 97 pa ola.

Pa ziwerengerozi paoneka zinthu ziwiri. Coyamba, dzino limodzi kutsogolo lilingana ndi mano atatu kumbuyo, popeza dzino limodzi pa 14 ndi gawo lofanana ndi mano atatu pa 42. Caciwiri, cimene capezeka mbali ina catayika mbali inzace. Wocotsa dzino limodzi kutsogolo apeza mphamvu yokoka yoonjezeka ndi magawo pafupi 8 pa 100, nataya liwiro la makilomita 6 pa ola. Injini sinaonjeze mphamvu ngakhale pang'ono. Mphamvu yomwe ija yangogawidwa mwa njira ina.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Mlimi uja akaika giya yokoka, zabwino zace aziona tsiku lomwelo. Njinga icoka pamalo popanda kuzunza kilachi. Pa mcenga ndi pa matope iyenda pang'ono pang'ono osazima. Citunda cimene kale cinafuna giya yoyamba, tsopano mwina cikwereka pa yaciwiri. Potsika phiri, injini ithandiza kugwira njinga, kotero kuti mabuleki satentha msanga, ndipo aliyense wodziwa mapiri a pa Great East Road pakati pa Rufunsa ndi ulalo wa Luangwa adziwa kufunika kwa cimeneci.

Koma tsiku limene mlimiyo adzalowa pa tala kupita ku boma, adzalipira. Ngati kale injini inali kuzungulira nthawi 5,000 pa mphindi pa liwiro lina, tsopano pa liwiro lomwelo idzazungulira nthawi pafupi 5,400. Phokoso likula, kunjenjemera kukula, petulo apita wambiri, ndipo zitsulo za m'kati zigwira nchito yoculuka pa kilomita iri yonse.

Mtumiki uja akaika giya yothamanga, wa mano 15 kutsogolo, injini yace pa liwiro lomwelo itsika kucoka pa 5,000 kufika pa 4,670. Ulendo ukhala wa bata, manja apumula, ndipo nthawi zambiri petulo acedwa kutha. Koma iyenso alipira. Pocoka pamalo njinga ikhala yaulesi. Akatenga mnzace kumbuyo, kapena akakomana ndi mphepo yamphamvu, giya yomariza ilephera, ndipo ayenera kutsika ku giya ya m'munsi kawiri kawiri. Popitirira galimoto lalitali, njinga icedwa kumariza, ndipo iyo ndiyo nthawi ya ngozi.

Palinso coipa cina cimene cibisika. Injini ikapatsidwa giya yolemera koposa mphamvu yace, wokwera atsegula petulo yense koma injini ingobuula, osakwera. Kubuula kumeneku kutenthetsa injini ndi kuononga zitsulo zace, ndipo petulo amene munthu anafuna kusunga atha comweco.

CIFUKWA NINJI LIWIRO SILIKWERA NTHAWI ZONSE?

Anyamata ambiri aika sprocket yaikulu kutsogolo poyembekeza kuti njinga idzathamanga monga masamu anenera, koma adabwa poona kuti liwiro lace lomariza lakhala lomwelo kapena latsika. Cifukwa cace ndi mphepo. Njinga poyenda ikankha mpweya, ndipo mpweyawo ukana. Liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mpweya kuwirikiza kanai, ndipo mphamvu ya injini yofunika kuti igonjetse kukanako iwirikiza kasanu ndi katatu. Motero njinga yaing'ono ifika pa malire pamene mphamvu yace yonse yathera pa kukankha mpweya.

Injini iri yonse ili ndi muyeso wa kuzungulira pamene ipatsa mphamvu yace yopambana. Giya ikatalika kwambiri, mphepo iimitsa njinga injini isanafike pa muyesowo, ndipo mphamvu ina itsala yosagwira nchito. Cizindikiro cace ncosavuta. Ngati pa giya yomariza, pa mseu wosalala, injini ifika msanga pa mapeto a kulira kwace nifuna giya ina imene palibe, njinga yotere ingalandire dzino limodzi kutsogolo. Koma ngati pa giya yomariza injini ivutika kale, kapena ngati njinga ithamanga cimodzimodzi pa giya yomariza ndi pa yotsatana nayo m'munsi, kuonjeza dzino ndiko kusenzetsa katundu munthu wotopa.

KUTSOGOLO KAPENA KUMBUYO?

Sprocket ya kutsogolo ndi yochipa ndi yosavuta kusintha, ndipo dzino limodzi kawiri kawiri silifuna cheni cina. Pa cifukwa ici ndiyo yabwino kuyesera nayo. Koma ili ndi malire mbali zonse ziwiri. Ikakula kwambiri, cheni cikhula cibvundikiro ca injini, ndipo cingathe kuciboola. Ikacepa kwambiri, cheni cipindika kolimba pozungulira, mano ocepa asenza katundu yense, ndipo cheni ndi mano omwe zitha msanga. Cheni cikhozanso kukhula mphira wochinjiriza mkono umene ugwira gudumu la kumbuyo. Cotero wofuna giya yokoka ya masiku onse acita bwino kuonjeza mano kumbuyo koposa kucotsa mano awiri kutsogolo.

Sprocket ya kumbuyo ndi yokwera mtengo, ndipo kuisintha kufuna kucotsa gudumu. Ubwino wace ndi wakuti isintha pang'ono pang'ono. Munthu angathe kuonjeza dzino limodzi kapena awiri, napeza muyeso weniweni umene afuna. Nayonso ikakula kwambiri igunda cochinga ca cheni, ndipo ikhala pafupi ndi miyala ndi zitsa. Pa njinga zimene cheni conse cili m'bokosi lotseka, monga Yamaha AG200 yopangidwira nchito za m'minda, malo a sprocket yaikulu ndi ocepa, ndipo si nzeru kutaya bokosilo, popeza ndilo lichinjiriza cheni ku pfumbi ndi matope.

ZA CHENI

Sprocket yatsopano iyenera kugwirizana ndi cheni. Macheni ali ndi manambala, monga 420, 428, 520, 525 ndi 530, ndipo nambalayo idindidwa pa mfundo zina za cheni. Nambala yoyamba inena kutalika kwa mfundo imodzi, powerenga magawo asanu ndi atatu a inchi. Motero 4 ndiye theka la inchi, ndiwo mamilimita 12.7, ndipo 5 ndiye mamilimita pafupi 15.9. Manambala otsatira akhudza kupingasa kwa cheni. Njinga zazing'ono zambiri ziyenda ndi 420 kapena 428. Ziwirizi zili ndi mfundo zofanana kutalika, koma zisiyana kupingasa ndi kukula kwa timagudumu, kotero kuti sprocket ya 428 silowa bwino m'cheni ca 420. Wogula ayang'anenso kuti mabowo a mabauti ndi mizera ya pakati zifanana ndi za sprocket yakale. Njira yabwino ndiyo kupita nayo yakaleyo ku sitoro.

Kutalika kwa cheni nakonso kukhudzidwa. Pa cheni ca 428, dzino liri lonse loonjezedwa likokera gudumu la kumbuyo kutsogolo mamilimita ngati 3, ndipo dzino locotsedwa lilibweza kumbuyo mtunda womwewo. Mano atatu ndiye pafupi sentimita imodzi. Ngati zokungira cheni zili ndi malo okwanira, cheni cakale cikwana. Ngati malo palibe, pafunika cheni cacitali, ndipo mfundo zionjezedwa ziwiri ziwiri. Mano anai oonjezedwa afuna mfundo ziwiri. Kukakamiza cheni cacifupi ndiko kuononga njinga, pakuti cheni cothina cidya mabeyaringi a bokosi la magiya ndi a gudumu, ndipo cingaduke njinga ikagunda dzenje.

Anthu amati cheni catamuka, koma kunena zoona citsulo sicitamuka. Timapini ta m'mfundo tidyeka, ndipo mfundo iri yonse italika pang'ono. Cheni cotere sicikhalanso pansi pa mano. Cikwera m'mwamba mwao ndi kuwasema mpaka apindika ngati mbedza. Kuciyesa nkwapafupi: munthu akoke cheni kumbuyo kwenikweni kwa sprocket yaikulu. Cikanyamuka mpaka theka la dzino laoneka, catha. Cheni cakutha ciononga sprocket yatsopano pa masabata owerengeka, ndipo sprocket yakutha icita comweco ndi cheni catsopano. Cifukwa cace, ngati zakale zatha, nkochipa kugula zitatu zonse pamodzi koposa kugula cimodzi cimodzi.

SIPIDOMITA INGANAME

Pa njinga zambiri zazing'ono, sipidomita iyendetsedwa ndi waya wocokera ku gudumu la kutsogolo. Pa zoterezi kusintha sprocket sikukhudza kanthu. Koma njinga zina ziwerenga liwiro kucokera ku bokosi la magiya, ndipo izi zinama mano akasinthidwa. Wocotsa dzino pa 14 kukhala 13 aona 70 pamene alikuyenda 65. Woonjeza dzino kukhala 15 aona 70 pamene alikuyenda 75, ndipo wapolisi wa pa mseu sadzamva za mano a sprocket. Ciwerengero ca makilomita oyendedwa cisokonezekanso mwa muyeso womwewo. Mwini njinga angayese sipidomita yace poilinganiza ndi liwiro limene foni ya m'manja isonyeza ndi GPS.

POGWIRA NCHITOYO

Injini izimitsidwe, kiyi acotsedwe. Nati kapena mabauti a sprocket ya kutsogolo amasulidwe cheni cisanacotsedwe, wina ataponda buleki ya kumbuyo, pakuti cheni cikacoka sprocket ingozungulira, sipanala osagwira. Pobwezera, kacitsulo kotsekera nati kasaiwalidwe. Ngati kathyoka kapena kapindidwa kambiri, kagulidwe katsopano. Mabauti a sprocket ya kumbuyo amangidwe mosemphana, lina kuno lina uko, kuti ikhale molunjika. Gudumu likacotsedwa, ndi nthawi yabwino kuonanso mphira wa m'kati mwace umene ulandira kugwedeza kwa cheni.

Cheni cikalumikizidwa ndi mfundo ya kapini kopindika, mbali yotseka ya kapiniko iloze kumene cheni cipita pozungulira. Kakaikidwa cobwerera, kangakolowe kanthu nkutumphuka, ndipo cheni comasuka pa liwiro cingamange gudumu. Zokungira za mbali zonse ziwiri zilingane pa mizera yao, kuti gudumu lisapenye kumbali. Cheni cisiyidwe ndi mpata wosewera, woyesedwa pakati pa ma sprocket awiri, pa malo pamene cithina koposa gudumu likazunguzidwa ndi manja. Pa njinga zambiri za pa mseu mpatawo ndi masentimita 2 kapena 3, koma njinga za m'chire zifuna woposa, ndipo buku la njinga ndilo linena muyeso wace. Gudumu likasunthidwa, buleki ya kumbuyo yoyenda ndi mtanda ifuna kukonzedwanso.

Pali cenjezo limodzi loposa onse. Munthu asatsuke kapena kudzoza cheni injini ikulira ndi gudumu likuzungulira. Nsalu ikakoledwa, ikokera zala pakati pa cheni ndi mano, ndipo injini siimira cala. Cheni citsukidwe ndi parafini, gudumu likuzunguzidwa ndi dzanja, ndipo cidzozedwe mafuta cikauma.

ZIMENE SPROCKET SINGACIRITSE

Safunsa anadya phula. Mwini njinga asanasinthe mano adzifunse ngati njinga yace inali yofooka kuyambira ili yatsopano, kapena yafooka posacedwa. Ngati kale inali kukwera citunda bwino koma tsopano ilephera, mlandu suli pa sprocket. Mwina sefa ya mpweya yadzala pfumbi, monga zicitika m'cirimwe. Mwina kilachi yatha ndipo iterereka, kapena mabuleki agwira okha, kapena matayala alibe mpweya wokwanira, kapena mavavu afuna kukonza. Kuika giya yokoka pa njinga yodwala ndiko kubisa matenda, ndipo matendawo apitirira m'kati. Tayala la kumbuyo la msinkhu wina nalonso lisintha giya. Lalikulu litalikitsa phazi, laling'ono lilifupikitsa.

Ndiponso giya yokoka sipatsa cilolezo ca kuculutsa katundu. Njinga imene tsopano ikwera phiri ndi matumba atatu ikali ndi mabuleki, masipoko, matayala ndi mafupa omwe aja amene anapangidwira katundu wolembedwa m'buku lace. Kukwera phiri ndi theka la ulendo. Theka linalo ndi kutsika, ndipo ngozi zambiri za katundu wolemera zicitika potsika ndi pokhota.

MAU OTSIRIZA

Opanga njinga sadziwa amene adzaigula. Asankha mano a pakati, oti atumikire wa m'tauni ndi wa kumudzi, woonda ndi wonenepa, woyenda yekha ndi wonyamula. Kwa anthu ambiri kusankha kumeneko nkokwanira, ndipo njinga yao isiyidwe monga iliri. Koma munthu amene nchito yace yapendekera mbali imodzi ali ndi cifukwa ca kusintha. Mlimi wa ku mapiri uja athandizidwa ndi mano awiri kapena atatu oonjezedwa kumbuyo, ndipo abvomereze kuti pa tala adzayenda mofatsa. Mtumiki wa pa tala uja angayese dzino limodzi loonjezedwa kutsogolo, ngati injini yace ili nayo mphamvu yotsala, ndipo abvomereze kuti pa citunda adzasintha magiya kawiri kawiri.

Lamulo la onse awiri ndi limodzi: asinthe pang'ono, asinthe cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo asunge sprocket yakale. Ayende nayo njinga sabata lathunthu pa njira zace za masiku onse, ndi katundu wace wa masiku onse, akulemba petulo amene wathira ndi mtunda umene wayenda. Pakutha sabatalo, kabuku ka petulo ndi kulira kwa injini zidzamuuza ngati wasankha bwino. Ngati walakwa, sipanala yomwe ija ndi sprocket yosungidwayo zidzabweza njinga mwakale pa ola limodzi.